Agiriki, Amayi Ako, ndi Matikiti Amene Ndinagulitsa

Patuma mwana wanga,

Popeza sukundilankhula, ndati ndilankhule ndi pepala. Ukaliwerenge uli m'mwamba, momwe sungathe kundifulatira n'kukwera basi monga unachitira pa siteji tsiku lija. Lero ndi Lachisanu, ndikupuma. Anzanga a m'chipinda muno atuluka, ndatsala ndekha pa bedi langa lapamwamba, kope lili pabondo. Zolemba zanga ukuzidziwa, ndi za munthu amene analekera Sitandade 6. Pamene sipakuwerengeka ulumphe, koma usalumphe dala.

Mnzako Mariamu wandiuza kuti wayezetsa korona ndipo ulibe, choncho mawa ukwera ndege. Sitolo ya mafuta onunkhira ija inatsekedwa, viza ikutha, ndipo ku Namwera akukudikira Yusufu, mphunzitsi uja wofuna kukukwatira. Unandipempha chinthu chimodzi chokha. Unati ndilankhule pa foni ndi amayi ako ndi amalume ako pamaso pa shehe, ndinene kuti ine bambo wako ndavomera, nditchulenso wondiimira pa nikah, chifukwa shehe wakana kumanga ukwati wa mwana amene bambo wake ali moyo koma ali chete. Ine ndinakuyankha kuti, "Akakupereke telala amene akugona m'nyumba yanga." Unandiyang'ana pamwamba pa masiki, basi inabwera. Papita masabata awiri.

Yankho langa lili m'kalata muno, koma usathamangire kumapeto. Ndikufuna ndiyambe ndi Agiriki. Useke ngati ukufuna.

Mliri utafika potseketsa mzinda wa Dubai, bwana wanga anandiuza kuti ndisabwererenso kuno ku International City. Anati m'chipinda cha anthu asanu ndi atatu ndingatoleko matenda n'kuwapititsira. Miyezi itatu ndinakhala nawo ku Silicon Oasis, m'kachipinda kopanda windo pafupi ndi makina ochapira. Dalaivala wopanda kopita. Galimoto inachita fumbi pansi, ndipo ntchito yanga inasanduka kutsika pa lifiti kukatenga katundu amene aitanitsa, n'kupukuta chilichonse ndi mankhwala, ngakhale nthochi. Madamu, mkazi wa bwana, kwawo ndi ku Girisi ndipo ndi mphunzitsi. Ndi wamng'ono, akhoza kukhala mkulu wako, koma pakamwa ndi pakuthwa, ndipo amasuta fodya pakhonde ngati dalaivala wa lole. Sukulu zitatsekedwa ankaphunzitsira pa kompyuta, pa tebulo lodyera. Ine ndili kukhitchini ndi zitini zanga, chitseko chotsegula.

Ankaphunzitsa ana nthano za makolo akwawo. Mayina usandifunse, ndi aatali ngati sitima, lilime langa linawakana. Nthano zina ndinamva mutu wokha, chifukwa pakatikati belu linkalira, ine n'kutsika kukatenga mazira. Pobwera, munthu amene ndinamusiya ali mfumu ndinkamupeza atafa kale. Milungu yawo, astaghfirullah, ndi yambirimbiri, ndipo imakangana ngati ife muno pa nkhani ya amene watha gasi. Za milunguzo ndinazisiya. Chimene chinandigwira ndi anthu ake. Ine ndinkaganiza kuti amuna a m'nthano za azungu ndi miyala. Koma amalira, Patuma! Amanyanyala, amathawa, amanamizira mphepo. Ndiye pali akazi opanda mkondo ngakhale umodzi amene saopa mfumu. Ndinayamba kudzifunsa kuti kodi mphamvu ya munthu imakhala pati, popeza si m'mikono. Mpaka lero ndikufunsabe.

Nthano yoyamba imene ndinaimva bwino inandisangalatsa moti ndinasiya kupukuta. Mfumu ina ya pachilumba inapita kunkhondo kutsidya kwa nyanja, n'kutha zaka makumi awiri osabwerera. Mkazi wake anatsala ndi khanda. Amuna anadzaza pakhomo, kumudyera mbuzi, aliyense kunena kuti mwamuna wako anafa kalekale, sankha mmodzi wa ife. Mkaziyo analibe womuteteza. Anangoti, dikirani nditsirize kuluka nsalu yodzaikira apongozi anga akadzamwalira. Masana ankaluka onse akuona, iwo akapita kukagona iye n'kumasula ulusi wonse. Zaka zitatu anawapusitsa choncho, amuna a ndevu zawo.

Tsiku lomwelo madamu ali pakhonde ndi fodya wawo, ndinalimba mtima. Ndinaima patali monga mwa lamulo, ndinati, "Madamu, ameneyo ndiye mkazi. Wanga anadikira zaka khumi ndi chimodzi zokha, n'kupita kwa ankhoswe kukathetsa."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. "Saidi, mwamuna uja chombo chake chinasweka, anzake onse anamira. Iwe chinakuswekera n'chiyani? Ndege kunalibe?"

Ndinati zinalipo.

"Nanga? Komanso sunamve zonse, unatsika kukatenga mkaka. Zaka zisanu ndi ziwiri mwa zimenezo anali pachilumba china, m'nyumba ya mkazi wina wokongola, akudya bwino. Masana ankakhala pagombe kulira kuti ndikufuna kwathu, dzuwa likalowa n'kubwerera kwa mkazi uja. Yalla, fulumira, tomato akukudikira."

Ndinabwerera kukhitchini nditakwiya. Koma ndikuuze chimene sindinakuuzepo. Kontirakiti yanga imati zaka ziwiri zilizonse bwana andipatse tikiti ya ndege yopita kwathu. Ukafuna, umamuuza kuti akupatse ndalama yake m'malo mwa tikiti, iwe n'kupitiriza ntchito. Kuno timati kugulitsa tikiti. Kawiri koyamba ndinabwera, kachiwiriko uli ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kenako ndinayamba nyumba ija pamudzi pa amayi ako, poti ndine mkamwini. Tikiti yachitatu inasanduka njerwa. Yachinayi malata. Yachisanu simenti ndi mawindo a galasi. Amayi ako ankati pa foni, "Bambo a Patuma, bwerani, nyumba idikira. Mwanayu akukufunsani pa chithunzi." Ine ndinati, "Ukufuna ine kapena malata?" Anati, "Inu." Ndinaseka. Ndinkayesa ndi ulemu chabe wa akazi. Zaka zisanu ndi ziwiri sanandione, zofanana ndendende ndi za mwamuna wolira pagombe uja, ndipo madamu sankadziwa zimenezo pamene ankandinyoza.

Mkazi wina kuno ndinalibe, Mulungu ndi mboni. Koma chilumba changa ndinali nacho. Alongo a amayi ako ankanditcha "wanjinga yobwereka" chifukwa tsiku lokafunsira ndinapita pa njinga ya mnzanga, ndipo mwini wake anaitsatira nkhani isanathe. Mawu amenewo ndinakwera nawo ndege. Ndinalumbira kuti ndidzatsika basi pa Namwera ndili mwini nyumba ya magalasi, iwo adzaimirire pondipatsa moni. Kugona pa bedi lapamwamba, kudya buledi wa Aarabu ndi mphodza za Amwenye chaka ndi chaka, ndinkati ndiko kulimba kwa mwamuna. Tsopano ndikukayika. Mwina kunali kuopa kufika ndili wamng'ono. Ukumbuke, Patuma: Yusufu akadzayamba nkhani za ku Joni kapena za kuno, akadzati ndikukavutikira iwe, umufunse ngati unamutuma. Ndipo akadzakufunsa funso ngati langa lija, uyankhe mokweza, kawiri, mpaka asiye kuseka.

Chimene chikundizunguzabe mutu ndi ichi. Wamphamvu ndani, amene analuka n'kumasula zaka zonse zija, kapena amene anavala chitenje chake chabwino n'kukaima pamaso pa ankhoswe ndi shehe, mudzi wonse ukumunena, n'kunena kuti basi, ndatopa kukhala mkazi wa foni? Mtima wanga ukufuna kuti woluka apambane. Ndamuvotera kambirimbiri. Koma madamu akuti nayenso ankalira mpaka tulo, ndipo mwamunayo atafika anamuuza kuti pali ulendo winanso womudikira. Ndiye sindikudziwa. Iwe usakhale woluka chifukwa choti anthu amayamikira oluka. Oyamikirawo sagona nawe m'nyumba yopanda munthu.

Nthano ina inali ya msilikali woposa onse. Ali khanda amayi ake anamumiza mu mtsinje wa mankhwala kuti mkondo usamulowe, koma anamugwira pachidendene, ndiye pamenepo madzi sanafikepo. Atakula anapita kunkhondo yomwe ija. Tsiku lina mkulu wa asilikali anamulanda mtsikana amene anamugwira kunkhondo. Palibe anafunsa mtsikanayo kuti iwe ukuti bwanji, ndinadikira mpaka belu linalira. Msilikali uja, chimphona chonsecho, anapita kugombe kukalirira amayi ake, kenako anakalowa mu tenti n'kunyanyala. Anzake akuphedwa panja, iye ali khale. Anamutumizira akuluakulu ndi mphatso ndi kupepesa, iye anati khalas, basi, sindituluka. Mapeto ake mnzake wapamtima anabwereka zovala zake zankhondo kuti adani aziyesa ndi iye, ndipo anakafa nazo. Ana a pa kompyuta onse ankati kufooka kwa munthu ameneyu kunali pachidendene. Ine ndili ndi botolo la mafuta m'manja ndinati ayi, chidendene mukuchinamizira. Munthuyu anagonja kalekale mu tenti muja, muvi usanamupeze pachidendenepo.

Ndinadziwa msanga chifukwa tenti yotero ndili nayo. Uthenga wa ankhoswe utandipeza, ndinatseka nambala ya amayi ako pa foni. Zaka zisanu ndi zitatu tsopano. Ndinkati ndiko kudzilemekeza. Patapita zaka ziwiri agogo ako, amayi anga, anadwala kumudzi kwathu. Amene ankayenda mtunda wonse uja kukawasambitsa ndi kuwaphikira phala anali amayi ako, ukwati utatha kale, atakwatiwa kale ndi telala wawoyo. Iwe unalipo, ukudziwa. Anabwereka foni ya munthu wina n'kundiimbira. Ndinali pa maloboti, ndinayankha, nditangomva "Bambo a Patuma" ndinadula. Anaimbanso, ndinazimitsa foni yonse. Masiku anayi pambuyo pake mng'ono wanga Jafali ndiye anandiuza kuti aika dzulo. Akuti amayi anga ankafuna kungomva mawu anga. Chibwerere kuno sunandifunsepo za tsiku limenelo, ndipo ndikuthokoza, koma ndikudziwa kuti umalidziwa. Usaiwale, mwana wanga: ukanyanyala umayesa ukulanga amene wakulakwira, koma wokafa panja amakhala wina, amene sanakulande kanthu. Mukadzayambana ndi Yusufu, mudzatukwanane ngati n'kofunika, mbale idzasweke, koma khomo la mawu lisadzatsekedwe mpaka kucha kawiri.

M'nthano yomweyo muli munthu amene sindimuiwala, ndipo ndi mwamuna, kuti usati bambo wako wagulitsa amuna onse. Msilikali uja atatuluka mu tenti anapha amene anapha mnzake, n'kukana kupereka mtembo, kumaukoka pafumbi kumbuyo kwa ngolo. Bambo wa wophedwayo anali mfumu yokalamba, ya msinkhu woposa wanga. Anapita ku msasa wa adani wopanda chida, anagwada, anapsompsona manja omwewo amene anapha mwana wake, n'kunena kuti kumbukira bambo ako, ndipatse mwana wanga ndikamuike. Ndipo onse awiri analira. Ndinafunsa madamu kuti kodi kwanuko kugwadira mdani si manyazi? Anati, "Ndi manyazi aakulu. N'chifukwa chake anakwanitsa ndi mmodzi yekha." Ndakhala ndikuyesa maondo anga kuyambira pamenepo, Patuma. Pa swala amapinda bwinobwino kasanu pa tsiku. Pamaso pa munthu amauma ngati mtengo.

Za Che Mussa unamva, koma sunamve mbali yanga. Anali wa ku Ntaja, ankasesa m'misewu, ankagona ku Muhaisnah. Matendawa anamutenga m'miyezi yoyamba ija, pamene aliyense ankaopa ngakhale chogwirira cha chitseko. Analibe m'bale kuno. Pankafunika munthu woti aime ngati wake, ayende ndi mapepala, asaine, kuti aikidwe. Pa gulu lathu la pafoni tilipo amuna oposa makumi atatu. Tinatumiza mapemphero, aliyense lake, ena aatali ndithu a Chiarabu. Koma woti apite panalibe. Wina ankaopa kutsekeredwa masabata awiri n'kutaya ntchito, wina ankati chifuwa. Ine ndinati bwana sangandilole, koma chilungamo chake n'chakuti sindinawafunse n'komwe. Munthu amene tinkadya naye mbale imodzi pa Idi.

Tsiku lachitatu panabwera mawu ojambula a Mai Tembo, mayi wa ku Chipata uja wokolopa m'maofesi, amene sali Msilamu n'komwe. Anati, "Imwe amuna, muli bwanji kansi? Mapemphero mwatuma, zikomo, manje ndani azasaina? Munthu azagona mu firiji mpaka liti? Ndevu chabe! Ine nayenda." Anapempha chilolezo chotulukira, anakwera takisi, anayenda khomo ndi khomo masiku awiri atavala masiki awiri, mpaka Che Mussa anaikidwa ndipo anaswaliridwa ndi anthu ochepa amene analoledwa. Atamaliza anatumiza chithunzi cha dothi lokha, wopanda mawu.

Sabata yomweyo madamu ankaphunzitsa za mtsikana wina amene mlongo wake anafa akumenyana ndi mzinda wakwawo. Mfumu inalamula kuti mtembowo usaikidwe, udyedwe ndi agalu, ndipo woukhudza aphedwe. Amuna onse a mumzindamo anaweramitsa mitu. Mtsikanayo anapita yekha, anakathira dothi ndi manja, ndipo atamugwira sanakane. Anamutsekera m'phanga. Ine ndinkamvera makutu akutentha, ngati madamu awerenga foni yanga. Koma taona chinanso. Mtsikanayo anali ndi mng'ono wake, mkazi ngati iye, mimba imodzi, amene anati ine ndikuopa, ndife akazi chabe, sitingalimbane ndi mfumu. Ndiye sindinganene kuti mphamvu ili m'chitenje ndipo mantha ali m'buluku. Zikuoneka kuti Mulungu amagawa osayang'ana zimenezo. Mwina munthu sadziwa chimene anapatsidwa mpaka tsiku limene aliyense akuyang'ana mnzake kuti ayambe ndani. Tsiku lotero likadzakupeza ku Namwera, usadzayang'ane amuna kuti ayambe. Ena mwa iwo adzakhala ngati bambo wako, akulemba pemphero lalitali.

Yomaliza ndaimva Lachiwiri lapitali. Masiku ano ndinabwerera kuno, koma madamu amaphunzitsabe kunyumba masiku ena, ndipo ndinali kukhitchini ndi makiyi m'manja kuwadikira kuti ndiwapititse kwa dokotala wa mano. Ankaphunzitsa ana akuluakulu. Mkazi wina, mwana wa mfumu, anakonda mlendo amene anabwera pa chombo. Anamuthandiza kuba chuma cha bambo ake, anasiya dziko lake, anamutsatira kwawo kumene ankamuona ngati wachilendo, anamuberekera ana awiri. Patapita zaka mwamunayo anapeza mkazi wina wa banja lapamwamba, n'kumuuza woyambayo kuti usadandaule, ndikuchitira ubwino wa ana. Mpaka pamenepo ndinali kumbali ya mkaziyo ndi mtima wonse. Ndinati uyu ndiye mnzanga, amene anapereka zonse n'kupeza wina wakhala pamalo pake. Kenako mkaziyo anaganiza kuti n'chiyani chingamupweteke mwamunayu kuposa imfa. Anapha ana ake omwe, ndi manja ake.

Tili mu lifiti ndinati, "Madamu, ameneyo ndi mfiti. Mayi sangatero."

Anati, "Ankawakonda anawo, Saidi. Analira asanawaphe. Kungoti chidani chake pa mwamunayo chinali chachikulu kuposa chikondi chake pa ana. Tsegula galimoto, kukutentha."

Msewu wa kwa dokotala uja ndauyenda zaka zinayi. Tsiku limenelo ndinaphonya pokhotera, ndinakatulukira kutali, madamu akukalipa kumbuyo m'chilankhulo chawo. Sindinkawamva. Ndinkaona maso ako pamwamba pa masiki pa siteji paja. Iwe sunandilande nyumba. Sunapite kwa ankhoswe. Nthawi imeneyo unali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Utabwera kuno unkandichapira malaya Lachisanu lililonse, unkandibweretsera timabotolo ta mafuta totsala ku sitolo kuti ndisamanunkhe galimoto. Koma pamene ndinafufuza chopwetekera amayi ako, chimene dzanja langa linapeza pafupi ndi ukwati wako. Mpeni ndinalibe, koma nzeru yake ndi yomweyo. Ndinadabwa kuti pa anthu onse a m'nthano zija, amuna a mikondo ndi mafumu, amene ndafanana naye kwambiri ndi mkazi ameneyu.

Ndiye malangizo anga ndi a munthu amene wagwa m'maenje ambiri ndipo akukuloza pamene ali. Yusufu usamuyese ndi kukula kwa mawu kapena ndi zimene walonjeza kumanga. Umuone mmene amabwerera mukasemphana, ngati amatha kunena kuti ndinalakwa nkhope yake osasanduka ya munthu wina. Akubwera kudzakhala pamudzi panu ngati mkamwini, monga ndinachitira ine. Amalume ako ali ndi nthabwala zoluma, ndipo iwo amaiwala madzulo omwewo, koma wolumidwayo amasunga zaka makumi awiri. Akadzayamba kumupatsa dzina, udzawaletse pomwepo, pamaso pa onse, ngakhale adzati mwana wa ku Dubai wasowa mwambo. Amayi ako sanandiikire kumbuyo tsiku la njinga lija, anaseka nawo pang'ono, ndipo ndinawaona. Chimenechonso sindinawauzepo. Ukumbuke, Patuma, mwamuna ndi chinthu chosweka msanga kuposa mmene amaonekera, ndipo akasweka sanena, amangoyamba kumanga nyumba.

Iwenso uli ndi magazi anga, usadzinamize. Masabata awiri osandiyankha foni, ameneyo ndi Saidi weniweni. Ndinakulakwira, inde, unali ndi chifukwa. Nanenso ndinali nacho, msilikali ujanso anali nacho, mkazi wopha ana ujanso anali nacho chachikulu kuposa tonse. Chifukwa sichisowa. Uchenjere nacho kwambiri pamene chili choona, chifukwa ndi pamene chimakoma kusunga.

Pepala la kuchipatala ulisunge m'manja pamodzi ndi pasipoti, osati m'chikwama chachikulu. Masiki utenge ambiri, ulendo ndi wautali ndipo mukasintha ndege panjira. Ku bwalo la ndege salola operekeza kulowa, choncho ngakhale ukanandilankhula tikanasiyanirana pakhomo. Kalatayi ndimupatsa Mariamu aiike m'thumba la jekete lako. Ukafika usathamangire kukumbatira okalamba, ukhale kaye patali masiku amene akuuze, ngakhale akunene kuti wayamba kunyada. Ukapite kumanda a agogo ako, ukawauze kuti ndinamva mochedwa. Ayi, usawanamize. Ukawauze kuti ndinadula foni.

Tsopano yankho. Usaganize kuti ndakhululuka za nyumba. Malata aja ndinasankha ine, a geji yokhuthala, ndipo sindinagonepo pansi pake ngakhale usiku umodzi kuti ndimve mmene mvula imalirira. Telala akumva ndiye. Chimenecho chidzandiwawa mpaka tsiku londiika, ndipo amayi ako usakawauze kuti bambo asintha, sindinasinthe, ndangotopa ndi tenti. Koma ukwati wako suli m'nyumba imeneyo.

Ndavomera, Patuma. Yusufu akutenge. Wondiimira pa nikah akhale Jafali, ndamuuza kale m'mawa uno ndipo akuti agula kofia yatsopano. Nambala ya amayi ako ndaitsegula. Ndinali nditaiwala potsegulira pake, mpaka a Phiri a bedi lapansi anandithandiza, akuseka kuti, "Mudala, foni yanu yamene yadabwa." Lachisanu likudzali mukatuluka ku mzikiti, mukasonkhane kwa shehe ndi amalume ako, muimbe. Akadzandiitana kuntchito tsikulo, ndidzapempha madamu ola limodzi, ndidzaimika galimoto pamthunzi, ndipo inshallah sindidzadula.

Chatsala chinthu chimodzi chimene nthano zonse zija sizinandiphunzitse, ndipo ndikupempha iwe undifunsire usanaimbe. Sindikudziwa kuti ndikawatchula ndani. Akazi anga, si anga. Dzina lawo lenileni sindinalitchulepo chikwatirane, ndipo sindingayambe lero pamaso pa alongo awo. Kuwatchula ndi dzina la telala, pamenepo maondo anga sanafike. Latsala limodzi lokha, lomwe palibe nkhoswe angalithetse. Ukawafunse ngati angayankhe ndikati "Amayi a Patuma." Akavomera, asavutike kuyamba ndiwo. Ndiyamba ine.

Uyende bwino, mwana wanga.

Ndine bambo wako,
Saidi